Ndalama ya Adatchi

Tipton
12 Meyi 2024

Okondedwa Achimwene a Lameck,

Ndiyambe ndi kuulula kuti masiku atatu tsopano sindikugona, ndipo chondilanda tulo si matenda ayi, ndi ndalama yakale ija mwanditumizira. Koma ndisanalowe m'menemo, muli bwanji kumeneko? Amayi miyendo ija ikuwalola? Nanga alamu ndi ana? Lily wanga akudya? Ine ndili bwino mwa chisomo cha Ambuye, kungoti thupi latopa.

Mayi Helen, namwino amene timapemphera naye ku Aston, anafika bwino Lachinayi. Anandipatsa ndalamayo m'manja, ili chikulungire m'kansalu kaja munawapatsira ku Lilongwe. Nditamasula ndinamva fungo la chitini cha malemu Abambo, chija ankasungamo makadi athu a ubatizo, ndipo ndinalira pamaso pa anthu pokwerera basi.

Mukudziwa kuti m'nyumba muno tilimo anthu asanu, aliyense kachipinda kake, ndipo loko wa chitseko changa ndi wongonamizira. Tsiku loyamba ndinaiika m'Baibulo. Kenako ndinaganiza kuti wakuba wodziwa Amalawi amayambira m'Baibulo momwemo, ndiye ndinaisamutsira m'sokosi. Lachisanu ndinapita nayo kuntchito m'thumba la yunifomu, ndipo tsiku lonse, ndikusambitsa agogo a eni ake, dzanja limangothamangira kuthumba. Mayi wina wokalamba mpaka anandifunsa ngati m'mimba mukundipweteka. Mulungu andikhululukire, ndakhala ndikukayikira anzanga a m'nyumba muno amene sanandilakwirepo kanthu.

Ndaiyang'anitsitsa. Mbali ina kuli mutu wa mzungu wandevu. Mbali inayo kuli chisoti chachifumu, mkango utagwira lupanga, ndi chaka, 1848. M'mphepete mwake muli malemba a chinenero chimene sindichimva, koma liwu limodzi ndaliwerenga, lakuti GOD, ndiye mtima wakhalako pansi kuti si chinthu cha mizimu.

Vuto linali limodzi. Inafika yakuda bii ngati kunsi kwa poto. Ndinati ayi, chinthu cha Abambo sindingakachionetse kwa azungu chili chonchi, angamati kwathu ndife auve. Amayi sanatiphunzitse kutulutsira mlendo mbale yakuda. Ndiye dzulo ndinaiviika m'madzi a mandimu, n'kuikwecha ndi soda ndi sitiliwaya wotsukira mapoto, poti phulusa kuno kulibe, mpaka zala kuwawa. Achimwene, mukanaiona! Ikung'anima moti ndikudzionerapo nkhope.

Mayi Helen akuti ku Birmingham kuli dera lotchedwa Jewellery Quarter, kumene kuli masitolo a anthu odziwa kuyesa mtengo wa ndalama zakale. Ndipita ndikapeza tsiku lopuma, koma sindikulonjeza liti. Sabata ino ndili ndi mashifti asanu ndi limodzi, lililonse maola khumi ndi awiri.

Kalatayi ndailemba pamanja monga mumafunira, poti mumati nkhani yaikulu siyenda pa foni. Ndiijambula n'kutumiza kwa mng'ono wanga Chrissy ku Lilongwe, iye akaisindikiza abwera nayo. Mundiuze bwinobwino: anakuuzani kuti ndalamayi ndi yodula ndani? Nanga inu mukuyembekeza zingati? Ndikufunsa kuti ndisakapusitsidwe.

Ndine mlongo wanu,
Liness


Kwa Chimphangu, Nkhoma
2 Juni 2024

Alongo anga Amake Lily,

Landirani moni mwa Ambuye. Kalata yanu idatipeza tonse tili moyo. Amayi miyendo ikadali yotupa, koma akuyenda ndi ndodo. Lily adakhala nambala folo m'kalasi, ndipo akudya moti nkhokwe ikudandaula. Inuyo bwanji kozizirako?

Mudachita bwino kuitsuka. Amayi atamva adaseka, akuti ameneyo ndiye mwana wanga.

Mwafunsa mafunso awiri, ndiyankhe mwadongosolo. Mbiri yake mukuidziwa pang'ono. Agogo athu a Yosefe adali wophikira Adatchi, amishoni aja adabwera ndi mpingo wathu kuno. Dona wina pobwerera kwawo adawapatsa ndalamayo. Agogo adasiyira Abambo, ndipo Abambo adaisunga moyo wawo wonse. Ngakhale chaka cha njala sadaitulutse.

Tsono pali munthu wina amayenda pa njinga yamoto m'midzi muno, anthu amangomutcha Bishop, ngakhale mpingo wake sindiudziwa. Amafunafuna zinthu zakale: simbi zamakala, mapulaimasi, ndalama za atsamunda. Yathuyi adaiona mu Malichi. Adaiika padzanja, adatsinzina, n'kunena kuti, "Akulu, iyi ndingakupatseni K400,000 lero lomwe, kungoti chikwama ndasiya kutauni. Koma ndikuuzeni zoona ngati Mkhristu mnzanu, kunja iyi ndi mamiliyoni." Ine ndidati mumtima, nanga ife tili ndi munthu wathuwathu kunja komweko, tidyetserenji mlendo?

Funso lachiwiri. Tidakhala pansi ndi amalume, ndipo tagwirizana kuti mwambo wa chiliza cha Abambo uchitike Loweruka pa 14 Seputembala. Zaka zinayi munthu wagona pansi pa mulu wa dothi, mkulu wa mpingo wathunthu! Ndikamadutsa kumanda ndimayang'ana kumbali. Pakufunika mwala wolembedwa, simenti, matailosi, ndi chakudya cha anthu osachepera mazana awiri. Ndawerengera mochepetsa, zikufika mamiliyoni awiri.

Za ng'amba ya chaka chino mudamva. Chimanga takolola ngolo imodzi ndi theka. Choncho ndikuuzirenitu, alongo, kuti ndalama ya Adatchiyo ikapanda kutulutsa kanthu, kwina koloza kulibe koma kukhola. Ndigulitsa Sitima ndi Bulaki. Ndikudziwa kuti ng'ombe ziwirizi ndizo zikutidyetsa. Ndizo zimatuta manyowa ndi njerwa za anthu, ndizo zimakoka ngolo potengera Amayi kuchipatala. Koma manyazi awa andikwana.

Musachedwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo tikuyembekeza kuti pamwambowo mudzakhalapo, monga mudalonjezera. Lily akudula masiku ndi pensulo pa kalendala ya kutchalitchi.

Ine mlongo wanu,
L. Y. Kamtedza


Kawale, Lilongwe
21 Julaye 2024

Asisi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Nanenso ndalemba pamanja dala, mwina pepala muliyankha, poti mauthenga anga mukungowawerenga, timizere tabuluu n'kumaoneka, yankho osabwera. Masabata asanu ndi awiri, asisi! Mukudwala? Akuthamangitsani ntchito?

Kumudzi sizili bwino. Ndinali komweko sabata yatha. Achimwene sakuyankhula zambiri, koma alamu ndiye asanduka wailesi. Pamjigo akuuza anthu kuti ndalama idakwera ndege, koma ndege yobwerera idasowa mafuta. Akuti munagulitsa kalekale ndipo mukumanga nyumba ku Area 49. Ine ndinawafunsa kuti, "Nyumbayo kiyi wake muli naye ndinu?" Tinatsala pang'ono kuvulana maduku. Choipa n'chakuti Lily anamva zonse. Pondiperekeza anandifunsa kuti, "Anti, amayi anga ndi akuba?"

Tsiku lomwelo kunabwera munthu wa butchala kudzaona ng'ombe. Anaziyasamitsa, kuzimenya pamsana, kuzizungulira ngati akugula galimoto. Amayi anali pakhonde. Munthuyo atapita, Amayi anangoti, "Bulaki goli adamuphunzitsa ndi bambo ako," n'kulowa m'nyumba.

Achimwene aika malire. Akuti Ogasiti akafika pakati opanda yankho, ng'ombe zipita, kuti amisiri ayambe. Asisi, ngati chindalamacho n'chabodza, nenani. Ngati chinatayika, nenani. Sitikudyani. Kungoti zii ndiye kukutipweteka.

Wanu,
Chrissy


Tipton
11 Ogasiti 2024

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi, alamu ndi ana. Pepani chifukwa chokhala chete. Kuntchito anthu achepa, ndiye otsalafe tikusenza za anthu awiri. Ndikafika m'nyumba ndimangogwera pabedi ndi nsapato zomwe.

Ndalama ija yagulidwa. Atipatsa mapaundi 900, omwe kwathuko akukwana pafupifupi mamiliyoni awiri. Ndatumiza dzulo kudzera kwa Chrissy, ndipo iye abwera nazo pamodzi ndi kalatayi. Amisiri ayambe. Wabutchala uja mumuuze kuti asabwerenso.

Ndili ndi pempho. Za mtengowu zikhale za m'nyumba. Musauze anthu, ngakhale amalume, kuti zachokera kuti. Mungoti ana asonkha.

Nkhani ina si yabwino. Tchuthi andikaniza, ndiye pa 14 Seputembala sindidzakhalapo. Chrissy adzandijambulire. Lily mumuuze kuti amayi ake si akuba, ndipo kalendala ija asaitaye, ndidzamuuza tsiku lina loti adule.

Mundipempherere. Musafunse chifukwa, mungondipempherera.

Liness


Kwa Chimphangu, Nkhoma
22 Seputembala 2024

Alongo anga okondedwa,

Mulungu ndi wamkulu! Tonse tili bwino, ndipo tikhulupirira kuti nanunso Ambuye akukusungani.

Mwambo udayenda moti anthu mpaka lero sadasiye kukamba. Zithunzi mwaona, koma chithunzi sichinena zonse. Mwala ndi wakuda wosalala, dzina la Abambo lolembedwa ndi utoto wagolide. Abusa adabwera okha, osatuma munthu. Amayi a Chigwirizano adadzaza mbali yonse ya kumsewu. Tidapha mbuzi zitatu ndi nkhumba, ndipo palibe adapita akudandaula. Amayi tidawatengera kumanda pa ngolo, Sitima ndi Bulaki atavekedwa nsalu m'khosi. Adausisita mwalawo nthawi yaitali.

Tsono mundikhululukire pa zinthu ziwiri. Choyamba, ndidakukayikirani. Ndidalola mawu oipa kuyenda pakhomo panga osawaletsa. Alamu anu nawonso achita manyazi, akusinjirani nsinjiro, akungodikira munthu wobwera kumeneko. Chachiwiri, pempho lanu lija sindidalisunge. Itafika nthawi ya mawu a banja ndidaima n'kuuza anthu onse kuti chilizachi chamangidwa ndi ndalama imodzi yokha ya Adatchi, ndipo amene adaigulitsa mokhulupirika, osadyapo ngakhale tambala, ndi mlongo wanga Liness wa ku Mangalande. Amene adakunenani pamjigo adamva ndi makutu awo. Lily adaimirira pabenchi kuti anthu amuone. Nanga dzina lodetsedwa pagulu n'kulitsukira kuchipinda?

Tsopano imvani nkhani yeniyeni. Bishop uja adalipo. Anthu atabalalika adandikokera kuseri kwa khola n'kumasula kathumba. Alongo, ndalama zinayi, zofanana ndi yathu ija, mutu womwewo, mkango womwewo, ndipo zake n'zotsukatsuka kale, simudzavutika n'kukwecha. Akuti adazipeza kwa mdzukulu wa wophika wina cha ku Mvera. Iye alibe munthu wake kunja, n'chifukwa chake akulolera kundisiyira pa K500,000 imodzi. Pali bwana wina wa ku Dedza amene akuzifuna, koma akuti poti tidadyera limodzi pamwambo wa Abambo, andisungira mpaka Loweruka pa 5 Okutobala masana.

Ndakhala pansi ndi pensulo. Ngati imodzi idatipatsa mamiliyoni awiri, zinayi ndi mamiliyoni asanu ndi atatu. Ndiye Loweruka limenelo m'mawa ndipita ndi Sitima ndi Bulaki kumsika wa ng'ombe. Wabutchala uja wavomera kale mamiliyoni awiri. Ndalamazo zikagulidwa kwanuko tigula ng'ombe zinayi, malata a nyumba ya Amayi, ndipo tikiti yanu nthawi ino ndidzagula ndine, mudzaone mwala wa bambo anu ndi maso.

Amayi akukana, akuti mvula ili pafupi ndipo manyowa sadapite kumunda. Koma akuluakulu za bizinesi sazidziwa. Inu mungondiuza munthu wodalirika amene akubwera kumeneko posachedwa, ndiponso mukamuchenjezeretu mzungu wa sitolo uja kuti akonzeke.

Ine mlongo wanu wonyadira,
L. Y. Kamtedza


Tipton
Lachiwiri, 1 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni kwa inu, kwa Amayi, kwa alamu ndi ana. Zambiri za moni mundikhululukire, nthawi yatha. Kalata yanu yandipeza lero m'mawa, poti foni ya Chrissy inali kokonzetsa sabata yonse. Ndayimba pa nambala yanu kakhumi ndi kamodzi, siikupezeka. Ndapempha kuweruka msanga, ndipo ndikulemba ndisanavule n'komwe yunifomu.

Musagulitse ng'ombe. Ndinakunamizani. Ndalama ya Adatchi sinagulidwe. Ili pano patebulo, pambali pa pepala lino.

Ndifotokoze kuyambira pachiyambi, chifukwa ndatopa n'kusenza. Pa 6 Juni ndinapita ku Jewellery Quarter ndi Mayi Helen. Tinalowa m'kasitolo kena kotsegulidwa ndi belu. Mwini wake ndi bambo wachikulire, wofatsa. Ndinamasula kansalu monyadira, ndalama ikung'anima. Bamboyo asanaigwire n'komwe anapuma mpweya wautali, n'kufunsa kuti, "Wachita izi ndani?"

Ndinati, "Ndine, bwana. Inali yakuda."

"Ndi chiyani?"

Nditamuuza za mandimu ndi sitiliwaya anavula magalasi n'kudzigwira pamphumi. Kenako anaika kagalasi kena padiso, anaiyang'ana mbali zonse, anaiika pasikelo, anaiyandikiza ku maginito. Ndiye anati, "Mayi, ndalamayi ndi yeniyeni, ndi siliva, ya ku Holland. Koma zoterezi anazisula zambirimbiri, si zosowa. Mtengo wa ndalama yakale timauona pa zinthu zitatu: chaka chake, kusowa kwake, ndi mmene yasungidwira. Kuda kumene mwachotsako ndiko kumene ogula amafuna, ndiwo umboni wa zaka zake. Taonani apa." Anandipatsa kagalasiko. Achimwene, nkhope ya mzungu wandevu uja inali mizeremizere ngati munda wopalidwa ndi nkhuku.

Ndinafunsa kuti ndikanapanda kuitsuka akanapereka zingati. Anati mapaundi 70, mwina 80 pa tsiku labwino. Nanga pano? Anati 25, mtengo wa siliva wake basi. Mayi Helen anawerengera pa foni n'kundionetsa. Mtengo wa mbuzi imodzi, yosanenepa.

Titatuluka ndinakhala pamasitepe a sitolo ina. Mayi Helen anati, "Liness, safunsa anadya phula, koma phula lako ndi laling'ono. Waononga mapaundi 50, si mamiliyoni. Lembera kwanu lero lomwe uwauze." Ine ndinati mwina mkuluyu akufuna kutibera. Tinalowa masitolo ena awiri. Wina anati 22. Winayo anangoiyang'ana n'kuikankhira kwa ine ndi chala.

Kalata yanu yonena za chiliza ndi ng'ombe inandipeza sabata yomweyo. Ndinayamba kuyankha kanayi, kanayi konse ndinang'amba. Ndikanati ndi ya mtengo wa mbuzi, ndani akanandikhulupirira, Bishop atanena za mamiliyoni? Mukanati ndadya. Ndikanati ndaiononga ndi manja anga, mukanati mamiliyoni a Abambo ndawakwecha ndi sitiliwaya. Ndipo njira zonse ziwiri zimathera kukhola. Ndiye ndinangokhala chete ngati mwana wobisa mbale yosweka, mpaka Chrissy anandilembera zimene Lily anafunsa.

Mapaundi 900 aja anachokera umu. Mazana asanu ndi limodzi ndi amene ndinasunga chaka chathunthu kuti ndigulire tikiti yobwerera kumwambo. Ena ndi a mashifti owonjezera. Otsalawo ndi chakhumi cha miyezi itatu chimene sindinapereke kumpingo. Chiliza cha Abambo sichinamangidwe ndi Adatchi, Achimwene. Chamangidwa ndi matewera a nkhalamba za ku Tipton, ndi ndalama za Mulungu zimene ndinabisa.

Bodza lachiwiri ndi la tchuthi. Sanandikanize. Anandipatsa masabata awiri, koma tikiti ndinali nditaidya kale. Pa 14 Seputembala, inu mukuimba kumanda, ine ndinali pabenchi m'mphepete mwa ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu, ndalamayi ili m'manja. Ndinafuna kuiponya m'madzi kuti umboni uthe. Dzanja linakana. Chithunzi cha Amayi akusisita mwala chinandipeza pomwepo.

Chiyambire Ogasiti sindinadye Mgonero. Mbale ikamafika pamzere wathu ndimatuluka ngati ndikukayankha foni. Ndimadziuza kuti awiri aja a m'Baibulo amene anagwa n'kufa pamaso pa atumwi ananama pochepetsa mtengo, pomwe ine ndanama pochulukitsa, ndiye si tchimo lofanana. Mayi Helen nditawauza zimenezi anati, "Iwe, bodza silifunsa kuti unalinenera chifundo kapena dyera. Likabadwa limayenda lokha." Lero ndaona kumene layenda. Ndinanama kuti ng'ombe zitsale m'khola, ndipo bodza lomwelo ndilo likuzitsogolera kumsika.

Tsono za Bishop. Sindimudziwa, ndipo ine wabodza sindingaweruze munthu. Koma dzifunseni: K400,000 ija anati wasiya kutauni, anabwera nayo liti? Munthu wodziwa kuti chinthu ndi cha mamiliyoni awiri angachisiye pa theka la miliyoni chifukwa choti wadya nawo nkhumba? Ngati mukufuna kuona ndi maso, chotsani maginito kusipika ya wailesi yakufa ija ya Abambo, muyandikize ku ndalama zakezo. Siliva sagwidwa ndi maginito. Zikakakamira, ndi zitsulo. Koma ngakhale zitapanda kukakamira, ngakhale zitakhala zenizeni ngati yathuyi, mwanena nokha kuti n'zotsukatsuka. Ndiye kuti zinayi zonsezo ndi mbuzi zinayi zowonda. Mupereka Sitima ndi Bulaki posinthana ndi mbuzi zinayi, mvula ili pakhomo.

Ndikudziwa chimene ndakuchitani. Munaima pamaso pa abusa ndi mudzi wonse kuchitira umboni chinthu chimene sichinachitike, ndipo munatero pofuna kutsuka dzina langa. Manyazi amenewo ndi anga, musawasenze. Kalatayi muiwerenge kwa amalume, kwa alamu, ngakhale pamjigo ngati mufuna. Ena amene anamva mawu anu aja angathamangire kwa Bishop, ndiye auzeni msanga. Lily ndimuuza ndekha pa foni. Anafunsa ngati amayi ake ndi akuba. Amayi ake ndi amantha ndiponso abodza, ndipo ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa panga. Lamlungu ndikaonana ndi akulu a mpingo ku Aston za chakhumi chija.

Ndalamayi ndidzaibweza ndi munthu woyamba wobwera kumeneko, ikalowenso m'chitini mwake. Abambo sanaisunge kuti ndi yodula. Bambo wa sitolo uja anandiwerengera malemba a m'mphepete aja, okhawo amene sitiliwaya sanawafike. Akuti akutanthauza kuti Mulungu akhale nafe. Anati m'zaka zikubwerazi idzayambanso kuda yokha, bola tiisiye, koma mizere ija siidzachoka.

Chrissy ndamutumizira ya minibasi ndi ya kabaza, akunyamuka mawa m'mawa ndi kalatayi, ndipo sachoka pakhomopo mpaka mutaiwerenga. Za kundikhululukira sindikufulumizani, tengani miyezi kapena zaka. Koma yankho ili lokha ndikulifuna pasanafike Lachisanu madzulo. Foni ya Chrissy ikhala yoyatsa, yanganso ikhala m'thumba la yunifomu, m'mene munali ndalama muja. Ngati simukufuna kumva mawu anga, lembani mzere umodzi pa pepala lililonse, iye ajambule. Mungondiuza kuti Loweruka Sitima ndi Bulaki akututa manyowa.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe,
Liness